Mchere Wanga ndi Nyali ya ku Labu

Chaka chimene mwana wanga anatupa mapazi, apongozi anga anandiletsa kuthira mchere m'ndiwo. Sanachite kundiitana n'kundiuza pamaso ayi. Anangolowa m'khitchini mwanga ine ndili kumjigo, n'kutenga kachitini ka mchere kupita nako kunyumba kwawo. Kuyambira pamenepo, ndiwo zikatsala pang'ono kupsa ndinkayenera kukaima pakhomo pawo n'kunena kuti, "Amayi, zapsa." Iwo ankabwera mwakachetechete, mchere uli m'dzanja, akuyenda ngati abusa popita kukabatiza. Ankathira, kuvundula ndi supuni yanga yomwe, n'kubwerera. Mudzi wonse unkaona. Kwathu kuno palibe wosadziwa chimene zimatanthauza mkazi wapabanja akamathiriridwa mchere. Ndiye kuti akuti ndi wotentha, wayenda ndi mwamuna wina, ndipo dzanja lake likhoza kudula anthu.

Ine ndinakwatiwa chitengwa. Kwathu ndi kufupi ndi Nachisaka, koma amuna anga ananditengera kwawo, m'mapiri a mbali ya ku Ntchisi, kumene mphepo yake imang'amba milomo. Nthawi imeneyo iwo anali ku Joni kukafuna ntchito, chaka chachiwiri asanabwere. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zitatu. Poyamba anangoyamba kuyera m'manja ndi m'maso. Kenako ndinkamupeza akukanda chipupa n'kumadya dothi lake. Akasewera pang'ono ankagona pansi ngati wamkulu wochokera kumunda. Ndinapita naye kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi, anamubaya chala, nati malungo alibe. Mapazi ndi nkhope zitayamba kutupa, apongozi anamudina ndi chala pamwendo, kadzenje kakatsala, iwo n'kuyang'ana ine.

"Ili ndi tsempho," anatero.

Tsempho amati limagwira mwana pamene kholo lake lachita chigololo. Chabwino. Koma makolo a mwana ndi awiri. Uyo anali ku Joni palibe ngakhale mmodzi anafunsa kuti amagona kuti, nanga amamuchapira ndani. Zithunzi zimene ankatumiza pafoni ya alamu anga, achemwali awo, ali ndi jekete yatsopano ndi masaya onona, ankapatsirana pakhonde n'kumati, "Taonani mwana wathu wanenepa." Wakuti afunsidwe ndinali ine, amene ulendo wanga wautali unali wa kuchigayo.

Vuto langa n'lakuti pakamwa panga m'polemera. Sukulu ndinalekera sitandade folo, ndipo ngakhale m'kalasimo aphunzitsi akandiloza ndinkangoluma kolala ya yunifomu. Anthu akachuluka ndimayang'ana zala zanga za kumapazi. Mawu ndimakhala nawo, ambiri ndithu, ena oyabwa, koma amathera pakhosi. Ndiye anthu a nyumba imeneyo kukhala chete kwanga anakuwerenga kuti ndavomera.

Amene ankasonkhezera moto kwenikweni anali alamu anga, achemwali aakulu a amuna anga. Banja lawo linatha kalekale, anabwerera pakhomo pa amayi awo kudzayendetsa mabanja a anzawo. Chaka china anathandizako kusikelo ya ana. Ntchito yawo inali kukoloweka sikelo panthambi ya mtengo wa mango ndi kukuwira amayi kuti akhale pamzere. Anawapatsa tisheti yobiriwira, ndipo tisheti imeneyo inawasandutsa dokotala. Munthu akatsokomola iwo anali atatchula kale matenda ake. Mbuzi ikatsegula m'mimba, iwo anali pomwepo.

Tsiku lina madzulo apongozi anandiuza chimene anagwirizana. Anali atatuma kale uthenga kwa amalume anga, amene ndi ankhoswe a mbali yanga, kuti abwere adzanditenge. Ine ndipite kwathu ndikaulule mwamuna amene ndinayenda naye. Mwana atsale ndi iwo apitirize kumumwetsa mizu imene anali atayamba kale kumupatsa, chifukwa m'manja mwanga sangachire.

Apo m'pamene mawu anatuluka okha. Ndinati, "Amayi, ndiyambe ndapita naye kuchipatala chachikulu."

Anandiyang'ana ngati nkhuku yayankhula. Alamu ndi amene anayankha.

"Asiyeni apite, amayi. Ine ndipita nawo limodzi kuti asadzatinamize kuno. Za chipatala ine ndimazidziwa."

Tinanyamuka m'mamawa tsiku lomwe amalume ankayembekezeka kufika. Tinakwera njinga yamoto imodzi tonse. Alamu anavala tisheti yawo ija, anakhala pakati, atamukumbatira wakabaza m'chiuno ngakhale pamene msewu unali wosalala. Ine ndinali kumapeto pa chitsulo, mwana kumbuyo. Njira yonse alamu ankaseka chilichonse chimene bambo ameneyo ankanena, ngakhale atangoti kutsogoloku kuli matope. Bamboyo ndinkamudziwa. Ali ndi mkazi wake ndi ana kumsika, koma njinga yake inkakonda kufera kuseri kwa nyumba ya alamu. Zimenezo ndinkaziona, koma monga ndanena, pakamwa panga m'polemera.

Kuchipatala adokotala anatambasula manja a mwana, anakoka chikope chake n'kuyang'ana m'kati, nati tipite kulabu akayeze magazi ndi chimbudzi. Labuyo inali kachipinda kakang'ono kumapeto kwa khonde, konunkha mankhwala okolopera. Anthu amapereka zinthu zawo pakawindo n'kukadikira pabenchi. Koma alamu pakawindo sakanaima. Anakankha chitseko n'kulowa, akundikoka dzanja.

M'katimo munali amayi ena aafupi, achikulire, magalasi ali pamphumi, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

"Odi, adokotala," anatero alamu. "Ifenso ndi a zaumoyo."

"Ine si dokotala, ndine wa kulabu," anatero amayiwo. Anayang'ana tisheti ija, n'kuyang'ana mapazi a mwana wanga. "Poti mwalowa kale, imani apo pakhoma. Musagwire kanthu."

Anatenga kamtengo, natapa chimbudzi cha mwana m'kabotolo, kochepa ngati mutu wa machesi. Anadontheza kadontho ka madzi pakagalasi, nasakaniza, navundikira ndi kagalasi kena kopyapyala ngati khungu la anyezi. Alamu anafunsa kuti madziwo ndi mankhwala anji, kuti aoneke odziwa.

"Ndi madzi amchere basi," anatero amayiwo.

Ndinatsala pang'ono kuseka. Nawa amayi akuthira mchere m'chimbudzi cha mwana wanga, popanda wowafunsa kuti agona kuti usiku wathawu.

Pathebulo panali makina aja oonera tizilombo, amene iwo ankawatchula kuti maikulosikopu. Ali ndi timipope tiwiri toikapo maso pamwamba, kambale pakati koikapo kagalasi, ndi nyali pansi imene imawala kupyoza kagalasiko. Amayiwo anaika kagalasi, anatsitsa nkhope, ndipo kuwala kunali koopsa moti kunkaonekera ndi m'mbali mwa maso awo. Anapotokola chogwirira cha m'mbali, napotokolanso. Kenako anadziyankhulira okha.

"Aa, apa palibe chikuoneka."

Alamu anawomba m'manja kamodzi.

"Mwamva? Mwamva inu? Palibe! Chipatala chakana!"

Anatulutsa foni m'bra n'kuthamangira panja kukafuna netiweki kuti auze amayi awo. Ine m'maganizo ndinaona kale katundu wanga atamangidwa m'chitenje, mwana akulira pakhonde la agogo ake.

Amayi a kulabu sanadzutse n'komwe mutu.

"Akuthamangira kuti awo? Ndi apongozi anu?"

"Ndi alamu," ndinayankha motsitsa.

"Ali ndi liwiro labwino. Ine sindinamalize ayi. M'mawa wonsewu ndimayeza magazi a malungo. Magazi amafuna nyali yonse, chifukwa timawapaka utoto. Koma za m'chimbudzizi n'zoyera mbee, ngati madzi. Nyali ikachuluka imangodutsa, sumaona kanthu."

Akuyankhula choncho dzanja lawo linali pantchito. Anapotokola kagudumu ka kumunsi, nyali ija inafooka. Analowetsa chala pansi pa kambale, nakankha kachitsulo kena pang'ono pang'ono, ngati munthu amene akutseka chitseko mwana ali mtulo. Anatsitsanso pang'ono galasi lina lomwe lili pansi pomwepo. Anayendetsa kagalasi kaja uku ndi uku. Nyimbo yawo ija inaima.

"Ehee. Ndi awa alendo athu. Ndipo abwera ndi abale awo omwe. Tabwerani, mayi a mwana, mudzaone."

Ndinakana ndi mutu. Zinthu za ophunzira ndimaziopa, ndimaona ngati ndikazikhudza zithyoka.

"Bwerani. Chimbudzi n'cha mwana wanu, si cha ine."

Ndinapita, mwana ali kumbuyo. Poyamba ndinkangoona nsidze zanga ndi mdima. Iwo anapanikiza timipope tija kuti tilingane ndi maso anga, nati ndisatsinzine lina. Mwadzidzidzi panatseguka bwalo lozungulira, lotuwa ngati nkhungu ya m'mawa m'mapiri athu. Munali zinyalala zambirimbiri. Koma pakati pa zinyalalazo panali kanthu kosiyana ndi zonse, kobulungira motalika ngati dzira la njiwa, khungu lake lopyapyala ngati analijambula ndi pensulo yosongoka, m'kati mwake muli timibulu tounjikana. Chapambali panali kena kofanana nako. Atayendetsa kagalasi, ndinaona ena, ndi enanso.

"Amenewo ndi mazira a njoka za m'mimba," anatero. "Zija zoyamwa magazi. Zimalowera kumapazi mwana akamaponda dothi lonyowa loipitsidwa. Zamumwa magazi mwana wanuyu, n'chifukwa chake wayera ndi kutupa. Tsopano musachotse maso, muone chimene chinathamangitsa alamu anu."

Ndinamva kachitsulo kaja kakubwerera. Bwalo lija linayamba kuyera, kuyera, mpaka linakhala ngati lata latsopano padzuwa la masana. Mazira aja anasungunuka ndikuwaona. Maso anayamba kutuluka misozi. Kenako anakankhanso, mazira anabwerera pamalo pawo pomwe paja, ngati sanachokepo. Anapitiriza kukankha mpaka kunada, ndipo kachinyalala kalikonse kanakhala ndi mkombero wakuda.

"Ukatsekanso kwambiri, fumbi lililonse limasanduka dzira, umamunamizira munthu matenda," anatero, akubwezera pakati. "Pamafunika apa."

Ndinakumbukira posankha fodya. Masamba sitisankhira pabwalo dzuwa likuswa mtengo, chifukwa onse amaoneka amodzimodzi. Timalowa nawo m'chigafa, pamthunzi, m'pamene wofiira ndi wotuwa amasiyana.

Alamu analowa akupukuta foni patisheti, nkhope ili ngwee.

"Tiyeni, mlamu, tizipita. Kunyumba akutidikira."

"Tayang'anani kaye umu, a zaumoyo," anatero amayi a kulabu.

Alamu anawerama monyada, matako kumwamba. Anakhala kanthawi.

"Mwathimitsa nyali. Munthu angaone bwanji mumdima?"

Asanayankhidwe, dzanja lawo linali litafika kale pa kagudumu kaja, n'kupotokola mpaka kumapeto. Kuwala kunachita kuthobwa m'maso.

"Mwaona? Mbee! Palibe kanthu. Ndimanena ine."

"Amayi, chotsani dzanja lanu pamakina," anatero amayi aja, mawu osakweza. "Munaphunzira kuti ntchito imeneyi?"

"Ndinagwirako kusikelo."

"Ndiye kumeneko mukapotokole nthambi ya mtengo. Kuno ndipotokola ine."

Anachepetsanso nyali, nakonza bwinobwino, nati alamu ayang'anenso. Alamu anati maso awawawa, makinawo ndi akale, ku Lilongwe kuli abwino. Kenako anafunsa mokweza, kuti a pabenchi amve.

"Nanga tsempho limaoneka m'makina mwanumo?"

"Ine ndimanena zimene zili pagalasi," anatero amayiwo. "Pagalasi pali mazira. Zinazo mukafunsane kwanu."

Magazi atayezedwa anapezeka ochepa ndithu, koma adokotala anati sanafike pofuna kuwonjezera ena. Anatipatsa piritsi lopha njoka, limene mwana anatafuna pomwepo, ndi mankhwala owonjezera magazi oti azimwa tsiku ndi tsiku. Anandiuza za nsapato, za chimbudzi cha pakhomo, za kumudyetsa masamba, nyemba ndi mazira, ndi kuti ndidzabwere nayenso. Alamu anaima pakhomo akuyang'ana kumwamba. Pobwerera sanaseke nthabwala ya wakabaza ngakhale imodzi. Ndipo foni ija, imene inathamanga ndi uthenga woyamba, sinatulukenso m'bra kuti ikakonze.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amalume anali atakhala pampando pansi pa mtengo, chipewa pabondo. Ankhoswe a kuchimuna analiponso. Pakhonde la nyumba yanga panali thumba la feteleza lodzaza ndi zovala zanga, lomangidwa kukamwa ndi luzi. Sanadikire n'komwe kuti ndidzalongedze ndekha. Akazi a nyumba zoyandikana anali atapeza zifukwa zosendera nandolo pafupi.

Apongozi anatambasula manja kuti alandire mwana. Ine sindinamasule chitenje.

"Chipatala chakana, tamva kale," anatero. "Bweretsani mwanayo kuno."

Amalume anatembenukira kwa alamu, nafunsa ngati zili choncho.

"Ine ndinayang'ana ndi maso angawa m'makina," anatero alamu. "Munalibe kanthu. Mapiritsi angotipatsa poti achipatala sabweza munthu chimanjamanja."

"Nanga iwe, mphwanga?" anatero amalume. "Unali komweko. Yankhula."

Anthu onse aja anandiyang'ana. Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi, ndipo pambali pake panali kulendewera phazi la mwana wanga, lotupa ngati mbatata. Ndinagwada, ndinasalaza dothi ndi chikhatho, n'kujambula ndi chala dzira lija, ndi timibulu take m'kati.

"Ndinaona awa," ndinatero. "Ambiri. Akuti ndi mazira a njoka zoyamwa magazi."

"Makina amodzi omwewo, wina aone mazira, wina asaone?" anafunsa ankhoswe a kuchimuna.

Amalume alima fodya moyo wawo wonse, choncho ndinayang'ana iwo okha.

"Amalume, fodya mumasankhira padzuwa?"

"Padzuwa? Ndiye kuti ndapenga. M'chigafa."

"Makina aja ali ndi nyali. Amayi a kulabu amaichepetsa kuti zioneke. Alamu anaitsegula yonse okha ndi dzanja lawo, mpaka anawakalipira."

Mmodzi wa osenda nandolo aja anaseka, n'kusandutsa chifuwa. Alamu anayamba kukuwa kuti ine sitandade folo ndingadziwe chiyani za makina. Amalume anawasiya akuwe mpaka mpweya unawathera. Kenako anavala chipewa.

"Ine za makina sindizidziwa," anatero. "Koma mankhwala abwera. Mwana amwe, ali m'manja mwa mayi wake, m'nyumba mwake momuno. Mwezi ukatha kutupa kusanaphwe, ndidzabwera ndekha kudzasenza thumbalo. Pakadali pano limasuleni."

Apongozi anavomera ndi kukamwa kopotoka. Anali otsimikiza kuti angochedwetsedwa chabe. Thumba ndinamasula ndekha. M'katimo ndinapeza kuti anaikamo ndi zovala zonyowa zomwe, zochotsa pachingwe.

Mwana sanachire tsiku limodzi. Kutupa kwa kumaso ndi kumene kunayamba kuchoka, mapazi pambuyo. Anasiya kukanda chipupa. Tsiku lina ndikumusambitsa ndinatambasula kadzanja kake, ndinaona kufiira kukubwerera m'mizere ya chikhatho. Mwezi usanathe anali akuthamangitsa anapiye mpaka kumunda. Amalume sanabwerenso kudzasenza kanthu.

Musaganize kuti wina anapepesa. Anthu ngati amenewo kupepesa amaona ngati kuvula pamsika. Apongozi ankauza aliyense kuti mizu yawo ndiyo inagwira ntchito, mizu yomweyo imene anamumwetsa mwana kwa miyezi iye akungotupirabe. Alamu anayamba kuphunzitsa amayi kumjigo za njoka za m'mimba, kuti zimalowera kumapazi, kuti iwo anaziona okha m'makina kuchipatala. Amuna anga ataimba foni anangoti, "Ndamva kuti kunali timavuto." Timavuto. Kachitini kanga ka mchere kanakhalabe pashelefu ya apongozi, ndipo palibe ananena kuti lamulo lija latha.

Nditagulitsa mtedza wanga ndinapita kumsika, pagolosale ina ya asilamu. Ndinagula tinsapato tapulasitiki ta mwana ndi paketi ya mchere. Tsiku limenelo mafuwa ndinawatulutsa m'khitchini n'kuwaika pabwalo, poonekera nyumba zonse. Ndinaphika nyemba. Zitapsa sindinapite kukaima pakhomo la munthu. Ndinang'amba paketi ndi mano, ndinathira m'dzanja, n'kuwaza mumphika. Apongozi anali pakhonde lawo akupeta. Lichero linaima m'mwamba kanthawi, kenako linapitiriza.

Posakhalitsa alamu anatulukira ndi kambale kudzapempha ndiwo, monga amachitira fungo likawapeza. Njinga ija inali itangochoka kumene kuseri kwa nyumba yawo. Anatapa msuzi ndi supuni, analawa, nakwinya mphuno.

"Mchere wachepa, mlamu."

Mwana wanga anali atakhala pambali pa mphika ndi mbale yake, akudikira, tinsapato tili kumapazi. Ndinakankhira paketi ija pafupi ndi alamu.

"Thirani nokha mumphikamo, alamu. Mwana adyanso momwemo."

Anayang'ana paketi. Anayang'ana mwana. Anacheukira pakhonde, pamene amayi awo anali atasiyanso kupeta.

"Ayi," anatero, manja atabisa kumbuyo. "Zili bwino choncho."